Schuyler Wheeler, Mnyamata Amene Adalowetsa Mphepo M'nyumba

Dzuwa likafika paliwombo m'nyengo ya chilimwe, malata a padenga akuthetheka, munthu wokhala m'nyumba ya magetsi amangotambasula dzanja n'kudina kabatani, fani n'kuyamba kuzungulira. Palibe amene amaithokoza, palibenso amene amaiopa. Mayi amagoneka khanda pafupi nayo, wodwala amaisiya ikulira usiku wonse, mphunzitsi amapsinja mapepala ndi kamwala kuti angauluke, napitiriza kuchonga. Komatu m'zaka za m'ma 1880 magetsi anali chilombo chimene chinkapha anthu m'misewu ya New York dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuika makina a magetsi patebulo la m'nyumba kunali ngati kuitana njoka kuti idzagone pamphasa. Mbiri ya Schuyler Wheeler ikusonyeza m'mene chilombocho chidawetedwera mpaka anthu adayamba kugona nacho chipinda chimodzi.

Ubwana ndi ntchito zoyamba

Schuyler Skaats Wheeler adabadwa mumzinda wa New York, m'dziko la America, pa 17 Meyi 1860. Masiku amenewo nyumba za mumzindawo zinkaunikidwa ndi gasi, makandulo ndi nyali za mafuta, ndipo ntchito yodziwika ya magetsi inali yotumiza matelegalamu pa waya. Mnyamatayo adalowa sukulu ya ukachenjede ya Columbia College, koma mu 1881 bambo ake atamwalira adasiya maphunziro asanatsirize, ali ndi zaka 21. Adapita kukafuna ntchito wopanda digiri m'manja, ndipo sukulu yake yeniyeni idakhala fakitale ndi ngalande za mumsewu.

Adayamba ngati wothandizira pa kampani ya Jablochkoff, imene inkakonza nyali zowala kwambiri za m'misewu, zotchedwa ndi dzina la katswiri wa ku Russia amene adazitulukira. Nyali zimenezo zinkathobwa m'maso, zinkatentha ndi kulilima, kotero sizinali zoyenera m'chipinda. Nyali yoyenera m'nyumba inali babu, limene Thomas Edison adalikonza bwino mu 1879. Patapita nthawi pang'ono Wheeler adalowa m'gulu la mainjiniya a Edison, nakhala mmodzi mwa anyamata amene adagwira ntchito pa nyumba yopangira magetsi ya mumsewu wa Pearl Street. Nyumbayo idayamba kutumiza magetsi pa 4 Sepitembala 1882, niyatsa mababu pafupifupi 400 m'maofesi ndi m'masitolo a dera limenelo. Edison ankakumba ngalande n'kukwirira mawaya ake pansi m'malo mowapachika pamitengo. Wheeler adaphunzira luso limeneli, ndipo adakayang'anira mawaya a pansi m'tauni ya Newburgh, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Luso lakelo lidadzagwira ntchito yaikulu patsogolo, monga m'mene nkhaniyi isonyezere.

Vuto silinali mapiko

Ngakhale New York ndi mzinda wozizira kwambiri m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndi chinyontho chomata thupi. Chiyambire kale munthu wakhala akudzikupiza ndi tsamba, nthenga kapena kachikopa, koma dzanja limatopa, ndipo wogona tulo sangadzikupize. Ku India anthu olemera ankapachika chinsalu chachikulu kudenga, chotchedwa punkah, wantchito n'kumachikoka ndi chingwe usana ndi usiku, kuti bwana apume pamene iye akukhetsa thukuta. M'malesitilanti ena a ku America munali mapiko a kudenga oyendetsedwa ndi malamba ochokera ku gudumu la madzi kapena injini ya nthunzi. Mu 1881, Pulezidenti James Garfield atawomberedwa ndi mfuti nagona akudwala m'nyengo yotentha ku Washington, mainjiniya a asilikali a pamadzi adamkonzera makina oponya mphepo pa nsalu zonyowa ndi madzi a ayezi. M'miyezi iwiri makinawo adadya matani oposa 200 a ayezi. Zoterezi adakazitha ndi mtsogoleri wa dziko yekha.

Tsono mapiko okankha mphepo anali odziwika kalekale. Chimene chinkasowa ndi mphamvu yaing'ono, yaukhondo, yosatopa, yoti n'kukhala pakona ya tebulo. Injini ya nthunzi inkafuna malasha, ng'anjo, madzi ndi munthu wosonkha moto, ndipo palibe akadaiika m'chipinda chogona kuti imuziziritse. Yankho linali kainjini ka magetsi, kamene amisiri amakatcha mota. Magetsi akadutsa mu waya wokulungakulunga, wayayo amasanduka maginito, ndipo akaikidwa pakati pa maginito ena amakankhidwa ndi kukokedwa mpaka kuzungulira. Michael Faraday wa ku London adasonyeza mu 1821 kuti magetsi angathe kuzunguza chinthu. Thomas Davenport, wosula zitsulo wa ku Vermont, adalandira chikalata cha boma chotsimikiza kuti mota ina ndi luso lake mu 1837, koma adamwalira ali mmphawi chifukwa mota yakeyo inkadalira mabatire okwera mtengo. Mota idadikira zaka zoposa 40 kuti magetsi a pa waya afike pakhomo.

Fani yoyamba

Wheeler anali pamalo oyenera pa nthawi yoyenera, ndipo anali ndi maso. Pakati pa 1882 ndi 1886, asanakwanitse zaka 27, adatenga mota yaing'ono, namangirira mapiko awiri kunsonga ya mtanda wake wozungulira, naikhazika pa phazi lachitsulo kuti iime patebulo. Fani ya magetsi idabadwa motero. Inalibe chitetezo cha waya kuzungulira mapiko, zamkati mwa mota zinali poyera, ndipo inkalira ngati njuchi, mwakuti anthu adaipatsa dzina lochokera ku kulira kwakeko. Popeza nyumba za nthawiyo zinalibe mabowo a magetsi a pakhoma, chingwe cha zipangizo zotere chinkalumikizidwa pamene pamakhala babu.

Ndi bwino kumvetsa chimene kachipangizo kameneka kamachita, pakuti ambiri amaganiza kuti fani imaziziritsa mpweya. Munthu atatseka chipinda n'kuika choyezera kutentha patsogolo pa fani, adzaona kuti sichitsika. Mwina chidzakwera pang'ono, chifukwa mota imafunda ikamagwira ntchito. Chimene chimazizira ndi khungu. Thupi likatentha limatulutsa thukuta, ndipo thukuta likamauma limachoka ndi kutentha kwa thupi. Mpweya ukangoima, umene wakhudza khungu umadzaza chinyontho, thukuta n'kuleka kuuma. Fani imachotsa mpweya wonyowawo n'kubweretsa wina. N'chifukwa chake kusiya fani ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu n'kutaya magetsi chabe.

Mu 1886 Wheeler adagwirizana ndi Charles Curtis ndi Francis Crocker, eni kampani ya C. and C. Electric Motor Company, imene inali imodzi mwa makampani oyamba kupanga mamota ang'onoang'ono ambirimbiri ofanana, ogulitsa m'sitolo monga katundu wina aliyense. Kampani imeneyi ndiyo idayamba kugulitsa fani ya Wheeler. Mu 1888 Crocker ndi Wheeler adachoka nayambitsa kampani yawoyawo, imene idadziwika ndi dzina la Crocker-Wheeler, ndipo kuyambira 1889 Wheeler adakhala mtsogoleri wake kufikira imfa yake. M'zaka za m'ma 1890 fakitale yawo idasamukira ku New Jersey, pamalo amene adawatcha Ampere pokumbukira André-Marie Ampère, katswiri wa magetsi wa ku France. Kumeneko ankapanga mamota ndi madayinamo a misinkhu yonse, ndipo adalimbikitsa nzeru yakuti makina aliwonse a m'fakitale akhale ndi mota yakeyake, m'malo modalira malamba ataliatali ochokera ku injini imodzi.

Makampani ogulitsa magetsi adaikonda fani pa chifukwa cha malonda. Mababu ankayaka madzulo okha, makamaka m'nyengo yozizira pamene usiku umatalika, kotero masana makina awo okwera mtengo ankangokhala. Fani inkafuna magetsi masana ndiponso m'chilimwe, nthawi yeniyeni imene malonda ankagwa. Motero fani idakhala chimodzi mwa zipangizo zoyambirira kulowetsa mota m'nyumba za anthu, nitsegulira njira firiji, makina ochapira ndi zina zimene zidatsatira.

Walira mvula walira matope

Pamene Wheeler ankagulitsa mafani, kunja kwa zenera lake kunali chipwirikiti. Makampani a telegalamu, a telefoni ndi a nyali za mumsewu ankazika mitengo paliponse, aliyense ndi mawaya ake, ena amoyo, ena akufa osachotsedwa, onse opiringizana ngati ukonde wa kangaude. Ena mwa mawayawo ankanyamula mavoti masauzande, atakutidwa ndi nsalu yosalimba. Mu Malichi 1888 chimphepo cha chipale chofewa chidakantha chigawo chonsecho, nichipha anthu oposa 400, ndipo mu New York mitengo idathyoka, mawaya n'kugwera m'misewu. Pa 11 Okutobala 1889 wantchito wina wa pa mawaya a telegalamu, John Feeks, adagwidwa ndi magetsi pamwamba pa mtengo pakati pa mzinda, nafera m'mawayamo khamu la anthu likuonerera mopanda chochita. Mzinda wonse udagwidwa ndi mantha ndi mkwiyo.

Boma linali litakhazikitsa kale bungwe loyang'anira za magetsi mumzindawo, lotchedwa Board of Electrical Control, ndipo kuyambira 1888 mpaka 1895 Wheeler anali katswiri wake. Ntchito ya bungwelo inali kuyendera mawaya, kulamula kuti oopsa adulidwe, ndi kukakamiza makampani kuti asamutsire mawaya awo m'ngalande za pansi. Makampani adakana, ena adathamangira kukhoti, chifukwa kukumba kunali kodya ndalama. Koma mu 1889 meya Hugh Grant adatuma anthu ndi nkhwangwa kukagwetsa mitengo, ndipo m'zaka zotsatira thambo la pakati pa mzinda lidayamba kuonekanso. Wheeler anali pamalo ovuta, pakuti iye mwini ankadya za malonda a magetsi, ndipo ena mwa amene ankawakakamizawo anali anthu a ntchito imodzi ndi iye. Komabe nkhani inali yoonekeratu: munthu amene waona mnzake akupsa pa waya mumsewu sangalole waya kulowa m'chipinda cha ana ake. Tsogolo la fani, ndi la mota iliyonse ya m'nyumba, linkadalira chikhulupiriro cha anthu wamba.

Cholinga chomwecho chikuoneka m'buku limene iye ndi Crocker adalemba m'zaka za m'ma 1890, The Practical Management of Dynamos and Motors. Adalembera amisiri osamalira makina tsiku ndi tsiku, nawalongosolera m'mene angazindikirire chovuta mota ikamatentha, ikamathetheka moto kapena ikakana kuzungulira.

Mutu umodzi susenza denga

Fani imene ili m'nyumba lero ndi ntchito ya manja ambiri, ndipo kusintha kwake kwakukulu kudali kochotsa zoopsa ndi zosokoneza zimene fani ya Wheeler inali nazo. Philip Diehl, mmisiri wochokera ku Germany amene ankagwira ntchito ku kampani ya makina osokera ya Singer, adatenga mota ya makina osokera, naimangirira mapiko, naipachika kudenga. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 fani ya kudenga inali itapezeka, kutali ndi zala za ana. Mu 1888 Nikola Tesla adalandira zikalata za mota yoyendera magetsi osinthasintha mbali, amene ndiwo amafika m'nyumba masiku ano. Mota za mtundu wa Tesla zilibe timakala tokhudza mbali yozungulira, timene m'mamota akale tinkatha msanga ndi kuthetheka moto. Kampani ya Westinghouse idagula luso limeneli, ndipo mu 1892 kampani ya Emerson ya ku St. Louis idayamba kugulitsa mafani oyendera magetsi osinthasinthawo.

Mapiko adachuluka kukhala anayi kapena asanu ndi limodzi, osulidwa ndi mkuwa wonyezimira. Chitetezo cha waya chidabwera, ngakhale poyamba mipata yake inali yaikulu moti dzanja lonse linkalowa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudabwera fani yopukusa mutu uku ndi uku, kuti mphepo ifikire onse okhala m'chipinda. Ku Germany, Peter Behrens, mmisiri wolemba mapulani a nyumba amene kampani ya AEG idamlemba ntchito mu 1907, adakonza mu 1908 fani yopanda zokometsera zachabechabe, mota yake yotsekeredwa bwino m'chigoba. Maonekedwe amenewo adakhala chitsanzo kwa opanga katundu wa m'nyumba. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mkuwa udafunika popanga zipolopolo, ndipo pang'onopang'ono chitsulo chidalowa m'malo mwake. Mu 1904 bungwe la Franklin Institute la ku Philadelphia lidapereka kwa Wheeler mendulo ya John Scott chifukwa cha fani, kutsimikiza kuti mzere wonsewu udayambira pa mapiko ake awiri aja.

Ulemu wa injiniya

Atalemera, Wheeler adagwiritsa chuma chake pomanga ntchito ya uinjiniya. Latimer Clark, katswiri wa telegalamu wa ku Britain amene adamwalira mu 1898, adasiya mabuku ndi timabuku masauzande angapo onena za magetsi ndi maginito, ena a zaka mazanamazana. Wheeler adagula onsewo, ndipo mu 1901 adawapereka ku bungwe la mainjiniya a magetsi la American Institute of Electrical Engineers, pa pangano lakuti apezeredwe nyumba yosapsa ndi moto. Mphatsoyi idathandiza kukopa Andrew Carnegie, mponda matiki wa zitsulo, amene adapereka ndalama zomangira nyumba ya mabungwe a mainjiniya, yotsegulidwa ku New York mu 1907. Mnyamata amene adasiya sukulu panjira adasiyira ena nkhokwe ya mabuku, ndipo mu 1912 Columbia yomwe ija idampatsa digiri yaulemu.

Wheeler adatsogolera bungwelo kuyambira 1905 mpaka 1906. Pamsonkhano wa mu 1906 adasankha kulankhula za ulemu wa injiniya m'malo mwa za makina. Mfundo yake inali yakuti madokotala ndi maloya ali ndi malamulo a khalidwe pa ntchito yawo, pamene mainjiniya, amene zochita zawo zinali zitayamba kukhudza moyo wa aliyense, analibe. Komiti idasankhidwa, m'mene munali iye ndi Charles Steinmetz, katswiri wa ku General Electric. Nkhaniyo idakokedwa zaka zisanu ndi chimodzi. Malamulo adavomerezedwa mu 1912, ndipo anali ena mwa oyamba a mtundu wawo pakati pa mainjiniya a ku America. Ankaletsa injiniya kulandira malipiro ku mbali ziwiri pa ntchito imodzi popanda chilolezo cha onse, ndipo ankamulimbikitsa kutsutsa nkhani zabodza kapena zokokomeza zokhudza uinjiniya m'nyuzipepala. Anali ndi chofooka chachikulu: ankaika zofuna za wolemba ntchito patsogolo pa zina zonse. Bungwelo lidaphatikizana ndi lina mu 1963 n'kukhala IEEE, ndipo malamulo ake a masiku ano amayamba ndi chitetezo, thanzi ndi ubwino wa anthu onse. Mbewu ya mu 1906 idatenga nthawi kuti ikhwime.

Zala zoona

Ntchito yake yomaliza yodziwika idachitika pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali ambiri ankabwerera kwawo atataya maso chifukwa cha mabomba ndi mpweya wa poizoni. Wheeler ankadziwa kuti mbali ina ya ntchito yopanga mota, monga kukulunga mawaya ndi kuwakuta ndi tepi yoteteza magetsi, imadalira kukhudza kuposa kupenya. Adatsegula chigawo ku Ampere chotchedwa Double Duty Finger Guild, dzina lotanthauza zala zogwira ntchito ziwiri, yopenya ndi yopanga. Kumeneko anthu osaona adaphunzitsidwa ntchito nalandira malipiro, pa nthawi imene ambiri ankaganiza kuti wosaona angangoluka madengu kapena kupempha mumsewu. Mawaya okulungidwa ndi zala zawo adalowa m'makina ogulitsidwa pamsika, nayesedwa ndi muyeso womwewo wa ena onse.

Wheeler adamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake ku New York pa 20 Epulo 1923, ali ndi zaka 62, patapita zaka ziwiri mnzake Crocker atatsogola. Mu 1920 nyumba imodzi yokha mwa zitatu za ku America ndiyo inali ndi magetsi, kotero iye sadaone fani itafika m'manja mwa anthu wamba a dziko lonse. Sadaonenso mapiko a aluminiyamu opyapyala ndi osalira kwambiri a m'zaka za m'ma 1930, kapena mapiko a pulasitiki amene adatsitsa mtengo pambuyo pake.

Makina oziziritsa mpweya enieni, amene Willis Carrier adawayamba mu 1902 pa fakitale yosindikiza ya ku Brooklyn, adalanda malo a fani m'maofesi ndi m'nyumba za olemera. Koma makinawo amadya magetsi ochuluka kakhumi kapena kuposa, pamene fani ya patebulo imadya ofanana ndi babu limodzi lachikale. Chifukwa cha ichi, m'maiko otentha a ku Asia, Africa ndi South America, fani ndiyo ikupepesa anthu ochuluka pa kutentha.

Wophunzira amene angafune kuona ntchito ya Wheeler ndi maso ake angazimitse fani, n'kuichotsa kumagetsi, n'kuiyang'anitsitsa. Pakati pake pali mota ndi mapiko, nzeru ya mnyamata wa zaka za m'ma 20. Zina zonse, chitetezo cha waya chothinana moti chala sichilowa, chigoba chobisa mota, chingwe chokutidwa bwino, fyuzi ya m'pulagi, zidabwera chifukwa anthu ena adavulala ndipo ena adavomera kuti wopanga chinthu ali ndi mlandu pa amene adzachigwiritse ntchito. Wheeler adapanga mbali yoyambayo ali mnyamata, ndipo zaka zake zotsala adazithera pa mbali yachiwiri.